Foni ili pa chaja koma bandulo yapita, kompyuta imasankha bwanji njira ya intaneti?

Wa_Lab_Zomba: Akuluakulu mwaswera bwanji, ndithandizeni maganizo pano mutu waima. Ku ofesi kwathu tili ndi intaneti ya waya, imachoka pa rauta kulowa mu switch kenako chingwe mpaka pa desiki yanga. Dzulo mmawa ndinagula bandulo ya 10GB ya mwezi wonse, nditafika kuntchito ndinalumikiza foni ku laputopu ndi USB kuti izitchaja poti chaja ndinaiwala kunyumba. Pofika nthawi ya nkhomaliro meseji yalowa akuti ndatsala ndi 300MB. Ine intaneti ndimagwiritsa ya ofesi, chingwe chili mmalo mwake, kagetsi kakuphethira bwinobwino, ndiye bandulo yanga wadya ndani?

Kabudula: bandulo masiku ano imatha yokha achimwene, ingovomerezani basi

Dolo_wa_Waya: Tisanayambe kunamizira anthu osalakwa, USB tethering, ija yogawira kompyuta intaneti ya foni kudzera pa USB, inali yoyatsa kapena foni imangotchaja?

Wa_Lab_Zomba: Inali yoyatsa. Mmawa magetsi anazima pang'ono rauta ya ofesi nkuthima ndiye ndinayatsa kuti nditumize imelo imodzi, magetsi atabwera ndinaiwala kuzimitsa, koma ine ndimadziwa kuti chingwe chikangolowa kompyuta imatenga cha ofesi basi, si choncho?

Mayi_Akaunti: kkkk pepani achimwene, ine ndimati amadya bandulo ndi ana anga okha kunyumbaku, kani ndi makompyuta omwe

Dolo_wa_Waya: Si choncho nthawi zonse. Bwezerani zinthu momwe zinaliri dzulo, foni pa USB tethering yoyatsa, chingwe cha ofesi chilinso momwemo, mutsegule cmd, kawindo kakuda kolembamo malamulo pa Windows, mulembe route print -4 kenako mutikopere mizere yoyamba ndi 0.0.0.0 yokha, inayo sitikuifuna. Koma chitani changu 300MB yotsalayo ingapitenso tikucheza pano

Wa_Lab_Zomba: Nayi
0.0.0.0 0.0.0.0 192.168.1.1 192.168.1.37 35
0.0.0.0 0.0.0.0 192.168.42.129 192.168.42.86 25

Dolo_wa_Waya: Wakuba wanu ndi ameneyo, wagwidwa ndi nkhuku mmanja. Mzere uliwonse wa 0.0.0.0 ukutanthauza kuti chilichonse chopita kunja chomwe sindikudziwa kwawo ndichiponye kwa uyu, ndiye muli ndi makomo awiri otulukira omwe timawatcha gateway, 192.168.1.1 ndi rauta ya ofesi, 192.168.42.129 ndi foni yanu. Nambala yakumapetoyo ndi metric, ndipo lamulo lake ndi lotembenuza, yaying'ono ndiyo imawina, muziiona ngati mtengo wa minibasi, kompyuta imakwera yotchipa. Ofesi 35, foni 25, ndiye chilichonse chomwe munatsegula dzulo kuyambira mmawa chimadutsa pa foni, chingwe cha ofesi chinangokhala ngati chokongoletsa

Wa_Lab_Zomba: Koma ine sindinalembepo 25 kapena 35 paliponse, manambalawa achokera kuti?

Madala_a_Seva: Amaika yokha Windows mwana wanga, dzina lake automatic metric. Imayang'ana link speed, liwiro lomwe adapter iliyonse (khadi lolumikizira netiweki) yalumikizidwa nalo, nkupereka nambala malinga ndi tebulo lake. Pa Windows 10 ndi 11, kwa ma adapter a waya, kuyambira 200 Mbps mpaka kusafika 2 Gbps ndi 25, kuyambira 80 mpaka kusafika 200 Mbps ndi 35, kuyambira 2 Gbps mpaka kusafika 10 ndi 20. Wi-Fi ili ndi tebulo lake lapadera lokwererapo pang'ono kuti chingwe chiziwina zikakhala pa liwiro lofanana, nchifukwa chake pa Wi-Fi mumaona 35, 45, 50, 55 zikusinthasintha malinga ndi pomwe mwakhala. Nthawi ya Windows 7 manambala anali ena, gigabit inali 10 ya 100 Mbps inali 20, koma nzeru yake ndi yomweyi. Pitani pa ncpa.cpl, pomwe pali mndandanda wa ma adapter, mudine kawiri pa adapter iliyonse mutiuze Speed ikuti bwanji

Wa_Lab_Zomba: Ethernet ikuti 100.0 Mbps. Inayo yalembedwa Ethernet 3, Remote NDIS based Internet Sharing Device, ikuti 425.9 Mbps. Aaa koma foni yangayi 425? kuno ngakhale kavidiyo ka pa WhatsApp kamazungulira mpaka tiyi kuzizira

Dolo_wa_Waya: kkkk ndiye pagona nkhani pamenepo. 425 imeneyo si liwiro la netiweki ya foni, ndi liwiro la kachingwe ka USB kuchoka pa laputopu kufika pa foni basi, USB 2.0 malire ake ndi 480 Mbps ndiye driver amanena nambala yapafupi ndi pamenepo. Kuseri kwa foniyo kuli chiyani kompyuta siiona. Zili ngati mwaika paipi yonenepa kuchoka pa thanki kufika kukhitchini koma madzi olowa mu thankimo akuchita kudontha, munthu wongoona paipi anganene kuti nyumba iyi madzi ndi mbwee. Chingwe cha ofesi chimodzimodzi, 100 imeneyo ndi ya pakati pa inu ndi switch, intaneti yomwe abwana anu amalipira mwina ndi 10 kapena 20 Mbps, kompyuta zimenezo sizikuikhudza

Mayi_Akaunti: Ndifunse nawo ine wosadziwa. Ngati zonse zimadutsa pa foni nanga achimwenewa dzulo amaprinta bwanji? poti printa ili pa waya ya ofesi eti

Wa_Lab_Zomba: Zoona mayi, ndinaprinta ma report ambirimbiri popanda vuto, nchifukwa chake sindinakayikire kalikonse

Achemwali_CCNA: Funso labwino limenelo. Metric si chinthu choyamba chomwe kompyuta imayang'ana, choyamba imafuna mzere womwe ukulongosola adiresi mwatsatanetsatane kuposa inzake, mkalasi timati longest prefix match. Printa ili mwina pa 192.168.1.50, ndipo mu tebulo la route print lija muli mzere wa 192.168.1.0 ndi mask 255.255.255.0 wolozera ku chingwe, mzere umenewo ukuidziwa printa bwino kuposa 0.0.0.0 yomwe imangoti kulikonse, ndiye umawina ngakhale metric yake itakhala yayikulu bwanji. Mukayang'ana muona kuti metric yake ndi 291, ndiye kuti 256 kuphatikiza 35 uja, koma imawinabe. Metric imagwira ntchito pokhapokha mizere iwiri ikufanana kutalika, ngati ma 0.0.0.0 awiri ajawa. Zili ngati kalata, ina yalembedwa Malawi basi ina yalembedwa Zomba, Chinamwali, nyumba yakuti, wonyamula atsatira yachiwiriyo

Wa_Lab_Zomba: Eeh 291 ilipodi pamenepa

Achemwali_CCNA: Ma VPN ena amagwiritsa chinyengo chomwechi, OpenVPN mwachitsanzo salimbana ndi metric, amangoika mizere iwiri, 0.0.0.0/1 ndi 128.0.0.0/1, iliyonse ikutenga theka la intaneti, ndipo poti /1 ndi yatsatanetsatane kuposa /0 zonse zimalowa mu VPN popanda kufufuta gateway yanu

Kabudula: sukulu yonseyi chifukwa cha chiyani, ingozulani foniyo nkhani yatha

Dolo_wa_Waya: Kuzula kumathandiza lero, mawa aiwalanso, bandulo ina yapita. Munthu akonze kamodzi agone tulo

Wa_Lab_Zomba: Koma 10GB mmaola anayi akulu, ine sindinaonere filimu iliyonse

Madala_a_Seva: Simunaonere inu, anaonera ndi makina. Foni ya pa USB Windows imaiona ngati Ethernet wamba, chingwe cha ofesi chopanda malire, ndiye Windows Update imamasuka, OneDrive kapena Google Drive nayo imayamba kukweza zithunzi zonse zomwe zimadikira, antivirus nayenso akudzitengera zake. Pitani pa Settings, Network, Data usage muona yemwe wadya zingati. Ndipo pomwepo pa Ethernet ya foniyo muyatse Metered connection, imeneyo siisintha njira koma imauza Windows kuti apa tikulipira pa MB chepetsa dyera

Wa_Lab_Zomba: Madala mwalasa, System yadya 6GB, OneDrive 2 ndi kanthu. Ndiye ndikonze bwanji za metric zija

Dolo_wa_Waya: Njira ziwiri. Ya mbewa: ncpa.cpl, right click pa Ethernet ya ofesi, Properties, Internet Protocol Version 4, Properties, Advanced, pansi pali kabokosi ka Automatic metric, chotsani chithikicho mulembe 10 pa Interface metric, OK mpaka mutuluke. Ya PowerShell, mutsegule ngati administrator, mulembe Get-NetIPInterface muone ifIndex ya chingwe chanu, tinene kuti ndi 12, kenako Set-NetIPInterface -InterfaceIndex 12 -InterfaceMetric 10. Mukatero route print kachiwiri, mzere wa 192.168.1.1 uzionetsa 10 ndipo 10 ndi wamng'ono kwa 25, basi

WakuJoni88: Bwanji osangokweza ya foniyo kufika 100 nkusiya chingwe momwe chilili?

Dolo_wa_Waya: Zimatheka koma ine ndimakonda kutsitsa ya chingwe chifukwa chingwe ndi chimodzi chomwecho chaka chonse, pomwe foni mukasintha, kapena mnzanu wabwera ndi yake, nthawi zina ngakhale kungosintha doko la USB, Windows imapanga adapter yatsopano, Ethernet 4, Ethernet 5, iliyonse ikubwera ndi automatic metric yake ya 25 ndiye mwabwerera pomwe munayambira. Tsitsani chomwe mukuchidziwa, alendo onse azipeza mpando wakutsogolo uli ndi mwini wake kale

Achemwali_CCNA: Musaiwalenso kuti mu Get-NetIPInterface adapter iliyonse imaoneka kawiri, IPv4 ndi IPv6, mitundu iwiri ya ma adiresi, iliyonse ndi metric yake. Mukakonza pa mbewa paja mwakonza IPv4 yokha, ngati netiweki ya foni ikupereka IPv6 ndipo ofesi ilibe, masamba omwe ali ndi IPv6 ngati YouTube ndi Facebook atha kumadutsabe pa foni inu mukuti ndakonza

Mjomba_Linux: Ndimadikira kuti mumalize kaye kuvutika. Ku Linux kulibe zolosera liwirozi. NetworkManager, pulogalamu yoyendetsa netiweki, saona link speed nkomwe, amaona mtundu wa chipangizo, Ethernet 100, Wi-Fi 600, modemu ya SIM 700, VPN 50, ndiye chingwe chimawina Wi-Fi tsiku lililonse ngakhale chitakhala cha 10 Mbps. ip route show mumaona zonse poyera, kusintha ndi mzere umodzi, nmcli connection modify "Wired connection 1" ipv4.route-metric 50 kenako nmcli connection up basi

Dolo_wa_Waya: Mjomba musanamize ana, foni ya pa USB ku Linux imaoneka ngati chiyani?

Mjomba_Linux: ngati Ethernet, usb0 kapena dzina lalitali la enx

Dolo_wa_Waya: Ndiye metric yake?

Mjomba_Linux: chabwino chabwino, yoyamba kudzuka imatenga 100 yachiwiri 101. Ndiye pa nkhani ya mnyamatayu, magetsi atazima, foni ikanadzuka poyamba chingwe nkubwera pambuyo, bandulo ikanadyedwabe. Ndavomera. Koma ife tili ndi ipv4.never-default yes ngati sukufuna kuti connection ina izipereka gateway nkomwe

Mayi_Akaunti: kkkkk Mjomba agwa mmanja mwa Dolo lero

Mjomba_Linux: Sindinagwe mayi ndangotsetsereka. Ndipo pali chimodzi chomwe NetworkManager amachita mwanzeru, pa Ubuntu amayesa ngati intaneti ilipodi kuseri kwa connection iliyonse, akapeza kuti kulibe amawonjezera 20000 pa metric yake, ndiye mukaona 20100 mu ip route musadabwe, ndiye kuti chingwe chilipo koma kunja sikukufikika ndipo makina asamukira kwina okha. Chenjezo lokha kwa a Raspberry Pi ndi ma seva, si Linux yonse yomwe ili ndi NetworkManager, systemd-networkd amapereka 1024 kwa onse obwera ndi DHCP, ija yogawa ma adiresi yokha, ndipo Raspberry Pi OS yakale inali ndi dhcpcd mpaka pomwe Bookworm inabwera mu 2023, ndiye musanakope malangizo pa intaneti dziwani kaye yemwe akuyendetsa netiweki pa makina anu

Madala_a_Seva: Ine ndiikire kumbuyo pang'ono nzeru ya link speed poti achinyamata mukuiseka. Nthawi yomwe inkapangidwa, kompyuta ya mu ofesi imakhala ndi makadi awiri olowa mu LAN imodzi yomweyo, kapena chingwe cha 100 ndi Wi-Fi ya 11 kapena 54 Mbps zopita ku rauta imodzi, pamenepo kusankha yothamanga kunali kolondola chifukwa kumapeto kwake nkumodzi, kusiyana kunali pa msewu woyamba womwewo. Vuto labwera pano poti makomo awiriwa akupita kwa eni osiyana, wina walipiridwa kale ndi ofesi wina ukulipira wekha pa MB, ndipo mtengo wa bandulo suli mu tebulo la makina aliwonse. Chimenecho amachidziwa ndi mwini thumba

Achemwali_CCNA: Ngakhale ma rauta akuluakulu ali ndi matenda omwewa Madala. OSPF, njira imodzi yomwe ma rauta amasankhira podutsa, pa Cisco amawerengera cost, yomwe ndi metric yake, pogawa reference bandwidth ndi bandwidth ya interface, ndipo reference yake yobadwa nayo ndi 100 Mbps, ndiye link ya 10 Mbps cost 10, ya 100 Mbps cost 1, ya gigabit 1, ya 10 gigabit 1 yomweyo poti sizitsika kuposa pamenepo. Ukapanda kulemba auto-cost reference-bandwidth pa ma rauta onse, OSPF amaona fibre ya 10G ndi kachingwe ka 100 ngati mapasa. RIP, mnzake wa OSPF, ndiye kaya, amangowerenga ma rauta omwe wadutsa mpaka 15, njira ya matope yachidule amaikonda kuposa tala yozungulira

Kabudula: achemwali mayeso ndi liti kuti tikupemphererani

Achemwali_CCNA: mwezi wamawa, pemphererani subnetting osati izi

WakuJoni88: Ine pa Mac ndilibe manambala, System Settings, Network, timadontho titatu pansi, Set Service Order, umangokoka yomwe ukufuna ikhale pamwamba. Koma funso langa ndi lina. Mnyamatayu waika chingwe pa 10, bho. Mawa intaneti ya ofesi yafa kunja uko, tinene fibre yadulidwa ndi okumba ngalande, koma rauta ndi switch zili moyo magetsi alipo, kagetsi kakuphethirabe. Laputopu ichita chiyani?

Dolo_wa_Waya: Izingoponyabe ku 192.168.1.1 poti kwa iyo chingwe chili moyo ndipo 10 ndi wamng'ono. Pakona paja ilemba kuti No internet koma mzere wa 0.0.0.0 uli pomwepo. Metric imasamutsa munthu bwinobwino link ikafa yeniyeni, chingwe chazuka kapena switch yathima, mzere wake umachoka mu tebulo wachiwiri nkulowa mmalo. Intaneti ikafera patsogolo musadalire kuti isamuka yokha, pa laputopu imodzi mankhwala ake ndi a Kabudula aja, zulani chingwe

Kabudula: mwaona? mumandinyoza

WakuJoni88: kkkk Kabudula wawina kamodzi. Kuno ku shopu komwe ndimagwira tinatopa nazo zozula zingwe poti makina olipirira ndi khadi akaima makasitomala amangotuluka, ndiye tinaika rauta ya MikroTik pakati, fibre pa ether1, rauta ya LTE pa ether2, makompyuta onse amangodziwa gateway imodzi basi, kusankha kumachitika pa MikroTik. Kumeneko nambala yake amaitcha distance, fibre distance=1, LTE distance=2, yaying'ono imawina chimodzimodzi. Ukaika check-gateway=ping imamenya ping pa masekondi 10 aliwonse, ikalephera kawiri motsatizana imaitenga njirayo ngati yakufa nkutsegula yachiwiri

Dolo_wa_Waya: Koma ping yake ikumenya ndani? ngati ikumenya kabokosi ka fibre komwe kali pakhoma pomwepo kazingoyankha ngakhale kunja kulibe kanthu

WakuJoni88: Ndi zomwe zinatichitikira sabata yoyamba. Mankhwala ake ndi recursive route, umasankha adiresi yakutali yomwe siigona, tinene 8.8.4.4, umaiuza kuti iyi izidutsa pa fibre yokha, kenako default route yako, mzere wa 0.0.0.0 uja, umailozetsa ku 8.8.4.4 ngati gateway ndi check-gateway=ping, ndiye ping ija ikuyesa njira yonse mpaka kunja osati pakhoma pokha. Pali za scope ndi target-scope zomwe zimasiyana pang'ono pakati pa RouterOS 6 ndi 7, muwerenge za version yanu. Ndipo musasankhe adiresi yomwe mukugwiritsanso ngati DNS, ija yosandutsa mayina a masamba kukhala ma adiresi, chifukwa mwaimangirira ku fibre, fibre ikafa intaneti isamukira ku LTE koma mayina a masamba osatseguka, muzingoti failover, kusamukira ku njira yachiwiri kuja, sikugwira pomwe mwadzitchera nokha msampha

Madala_a_Seva: Za DNS zo ndi zoona ngakhale pa Windows, imayamba kufunsa DNS ya adapter yomwe ili ndi metric yaying'ono. Amene muli ndi seva ya mu ofesi yomwe mumaitchula ndi dzina, foni ikawina metric dzina lija litha kuyamba kuchedwa kapena kukana pomwe pa IP zikutseguka, anthu nkumati seva yafa

Mayi_Akaunti: ine zomwe ndamva ndi zoti ndisamatchajire foni pa laputopu basi

Dolo_wa_Waya: Tchajani mayi, tethering yokhayo ikhale yozimitsa

Wa_Lab_Zomba: Mwadzuka bwanji akuluakulu, ndabweranso. Dzulo ndinaika 10 zinatheka, ndayesa tracert 8.8.8.8 mzere woyamba ukuonetsa 192.168.1.1 foni ili chilumikizire. Koma usiku ndimaganiza, switch yathu palembedwa Gigabit, laputopu nayo khadi yake ndi gigabit, nanga bwanji Speed imati 100? mnzanga wa desiki yapafupi yake ikuti 1.0 Gbps pa switch yomweyo

Dolo_wa_Waya: Ndiye funso lomwe ndimayembekezera. Chingwe chimenecho. Mkati mwa chingwe cha netiweki muli timawaya 8, tiwiritiwiri topotana, 100 Mbps imangofuna 4, pa mapini 1, 2, 3 ndi 6, koma gigabit imafuna tonse 8. Kamodzi kokha mwa tinayi totsalato kakaduka kapena sikanalumidwe bwino mu RJ45, mutu wa chingwewo, makadi awiriwo amagwirizana kuti tiyeni titsikire pa 100, ndipo sakuuzani, intaneti imangogwira ngati palibe chalakwika. Tengani chingwe cha mnzanuyo muyese pa laputopu yanu

Wa_Lab_Zomba: Cha mnzanga chikupereka 1.0 Gbps. Changa ndachiyang'anitsitsa kumutu kwake, kawaya ka brown sikanafike kumapeto, kafupika

Dolo_wa_Waya: Basi dulani mutuwo mumange wina. Ndondomeko ya T568B, kuyambira pini 1: white orange, orange, white green, blue, white blue, green, white brown, brown, koma onani kaye mutu winawo kuti unamangidwa motani kuti zifanane. Muwongole bwino mudule mofanana musanalowetse, ambiri amalakwitsa pomwepo pothamangira kukanikiza. Mjomba kwanu ndi ethtool eti

Mjomba_Linux: ethtool eth0 kapena dzina lililonse la interface yanu, muone mzere wa Speed ndi Duplex. Mukaona Half mu chaka chino ndiye kuti pali china chikudwala

Kabudula: ndiye kuti 10GB yapita chifukwa cha kawaya kamodzi ka brown

Achemwali_CCNA: Osati ndendende. Taonani tebulo la Madala lija, chingwe chikanakhala pa gigabit chikanapeza 25, foni ya 425 Mbps nayonso 25 poti zonse zili mu gulu limodzi la 200 Mbps mpaka 2 Gbps. Zikanafanana, ndipo zikafanana simungaike bandulo yanu pa chikole kuti iwina ndi ya ofesi

Wa_Lab_Zomba: Achemwali mwanena zoona, ndamanga mutu watsopano Speed yafika 1.0 Gbps, ndiye ndinabwezera chithiki cha Automatic metric kuti ndione, route print ikuonetsa 25 ndi 25. Ndachotsanso msangamsanga ndabwezera 10

Madala_a_Seva: Siyani pa 10 pomwepo. Ine pa laputopu yanga ndinaika chingwe 10, Wi-Fi 30, ndipo modemu ya SIM 60, ndimasiya mipata pakati kuti chikabwera china ndichilowetse popanda kusuntha zonse. Chokhacho mulembe penapake kuti munasintha, chifukwa pakatha chaka mudzaiwala, mudzapita ku ofesi ina komwe chingwe ndi cha ma printa okha intaneti ili pa Wi-Fi, mudzatukwana rauta ya eni ake tsiku lonse

WakuJoni88: Zimenezo zinandigwerapo, chingwe cha makamera chomwe DHCP yake imapereka gateway yopita kuchabe. Mankhwala ake pa chingwe chotero ndi kuika IP pamanja nkusiya Default gateway popanda kanthu, makamera umawaonabe chifukwa cha prefix ija ananena achemwali, intaneti nkumadutsa pa Wi-Fi

Mayi_Akaunti: Popeza mwayamba kuthandiza anthu, ine ndili ndi ka MiFi, ndikakalumikiza pa kompyuta ya ofesi intaneti imabwera koma printa imasowa, ndikakachotsa printa yabwera. Achemwali munati printa siisowa

Achemwali_CCNA: Mayi lembani ipconfig zonse zili zolumikiza mutiuze ma IPv4 Address awiriwo

Mayi_Akaunti: ina 192.168.0.14 inayo 192.168.0.101

Achemwali_CCNA: Ndi zimenezo, ofesi ndi MiFi onse akugwiritsa 192.168.0, ndiye mizere iwiri ija ikufanana kutalika ndipo pamenepo metric ndiyo ikuweruza, MiFi ikawina kompyuta ikukafuna printa mkati mwa MiFi momwe mulibe. Apa musalimbane ndi metric, mukatsitsa ya chingwe printa ibwera koma intaneti ya MiFi ithawa. Lowani mu MiFi pa browser, pa DHCP kapena LAN settings, musinthe adiresi yake ikhale 192.168.50.1, muizimitse nkuyatsanso

Mayi_Akaunti: password yolowera mmenemo ndiitenga kuti

Dolo_wa_Waya: Tsegulani chivindikiro kumbuyo muchotse batire, imalembedwa pa kapepala pansi pake. Osaitumiza pagulu pano chonde

Wa_Lab_Zomba: Akulu a Dolo, crimping tool ndinabwereka kwa a sukulu yoyandikana nayo ndipo akuifuna pofika 3, ndapeza zingwe zina zinayi mu lab zomwe zikuonetsa 100, ma RJ45 ndatsala nawo awiri okha

Dolo_wa_Waya: Yambani ndi cha kompyuta yomwe imasunga mafayilo a ana, zinazo zidikire Loweruka ndikubweretserani paketi ndikamadutsa popita ku Liwonde